Hard drive ikamalira tiki tiki: kusintha ma head kuti data ituluke

Abale anga a kuno ku Harare, sabata yatha mayi wina wa ku Mufakose anandibweretsera external hard drive momwe munali zithunzi za maliro a bambo ake kumudzi ku Mulanje, mwana anaigwetsa ili chiyakire ndiye iwo masiku atatu amangoilumikiza pa laputopu nkuichotsa kuti mwina idzuka. Zinandiwawa mumtima chifukwa masiku atatuwo ndi amene anaononga zambiri kuposa kugwako.

Ndiye choyamba zimitsani basi. Mkatimo muli timbale tozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndipo head, yomwe imawerenga ndi kulemba data, simakhudza mbale ayi, imayandama pa kamphepo mpata wake ma nanomita ochepa chabe. Ikapindika imayamba kupala mbaleyo ndipo zomwe zikupalikazo ndi data yanu, ikasanduka fumbi palibe katswiri angaibweze. Zoika drive mu firiji zomwe ena amanena zija musayese, chinyezi chimakhala pa mbale.

Mvetserani kaliridwe. Tiki tiki kangapo kenako mota nkuzima, kawirikawiri ndi ma head. Ikamalira bii bii osazungulira, ma head akakamira pa mbale kapena mota yagwira. Ikangoti zii yambani mwaona board, kabolodi ka magetsi ka kunsi kwa drive, musathamangire kutsegula.

Head yopindika siwongoledwa, timachotsa mkono wonse wonyamula ma head nkuikamo wochokera mu drive ina yamoyo, ija timati donor. Apa mpamene pali ntchito. Kufanana kukula kokha, kuti zonse ndi 1TB, sikokwanira, model ikhale yomweyo, firmware (pulogalamu ya mkati yoyendetsa drive) yofanana, dziko lomwe inapangidwa, ndi mwezi woyandikana. Pa Western Digital onaninso code yotchedwa DCM pa sitika ya drive, pa Seagate part number ndi site code. Ine ndimazungulira mu town ku Gulf Complex ndi chithunzi cha sitika mu foni, nthawi zina sabata imatha osaipeza, koma bola kudikira kusiyana nkuika zosagwirizana. Mukaipeza iyeseni kaye ngati ikuwerenga bwino.

Malo otsegulira, apa sindinyengerera. Fumbi la kuno makamaka mvula isanagwe, kachidutswa kamodzi kwa head kali ngati mwala pamsewu, ndiye pamafunika tebulo lopemerera mphepo yosefedwa ndi fyuluta ya HEPA, magolovesi opanda ufa, ndi kalamba ka pamkono kochotsa static. Masikuluu a drive ndi a Torx, T6 kapena T8, ndipo ina imabisala pansi pa sitika, osakanula chivindikiro mwamphamvu.

Yambani kutsegula yodwalayo. Mukaona mzere wozungulira pa mbale yapamwamba, kapena kafyuluta koyera ka pakona kada ndi fumbi, imani pompo, ma head atsopano akafera pomwepo ndipo mungotaya donor. Ngati mbale ili ngwee, chotsani maginito apamwamba mosamala, ndi amphamvu zedi amatsina chala komanso amatha kukulandani sikuludiraiva nkuigwetsera pa mbale. Kenako lowetsani head comb, kachipeso kolekanitsa ma head, adakali pa ramp yawo, pomwe amapumira pambali pa mbale, kuti asagundane okhaokha, akangomatana basi atha. Masulani cholumikizira cha mawaya ndi sikuluu ya mkono, tulutsani, chitani chimodzimodzi ku donor, ikani mkono wake mu yodwala ija, ma head akakhala bwino pa ramp chotsani chipeso, bwezerani maginito ndi chivindikiro. Mbale musazimasule, zikakhala ziwiri kapena zitatu zikasemphana pang'ono data simawerengekanso. Board isiyeni yake yomweyo chifukwa kachipu kake ka ROM kali ndi zoikamo za drive imeneyo yokha. Ma drive aakulu odzazidwa mpweya wa helium aja musawatsegule nkomwe.

Ikadzuka musasangalale msanga nkuyamba kutsegula mafoda mu Windows, ndipo ikafunsa za format kapena chkdsk kanani. Ma head obwerekawa atha kufa nthawi ina iliyonse, ndiye koperani disk yonse kupita pa ina yabwino ndi pulogalamu ya ddrescue pa Linux, muike mapfile, fayilo yolemba pomwe yafika, kuti ikadukiza idzapitirire pomwe inalekera. Imayamba ndi malo osavuta, ovutawo imawabwerera pambuyo. Amene ali ndi PC-3000, chipangizo cha akatswiri otulutsa data, amatha kuzimitsa head yofooka nkuwerenga ndi zinazo kaye. Ndipo magetsi a kuno mukuwadziwa, popanda UPS kapena inverter musayambe. Mafayilo muziwafufuza pa kope lija osati pa yodwalayo.

Ngati simunachitepo, phunzirirani pa ma drive akufa opanda ntchito kangapo konse, ya kasitomala yokhala ndi zinthu zosabwezeka ipite kwa amene ali ndi zida. Ya mayi aja mbale imodzi inali itapalika, zithunzi zambiri zinatuluka koma vidiyo ya kumanda inatsala pomwepo.