Mtengo woyamba usakukoleni pogula kaunjika ku Mbare

Abale amene mumagula kaunjika ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, musanatuluke m'nyumba lembani mufoni ndalama imene simukufuna kupyola pa jekete kapena nsapato zomwe mukukagulazo. Mukafika, funsani mtengo pamabenchi atatu musanayambe kunenerera.

Nambala yoyamba kuimva imakanirira m'mutu. Wogulitsa akati madola 25, inu n'kunenerera mpaka 18, mumachoka mukumwetulira kuti mwamugonjetsa, chonsecho pabenchi lina jekete lomwelo ndi madola 10. Akatswiri a za maganizo, Tversky ndi Kahneman, anasonyeza mu 1974 kuti ngakhale nambala yongotola mwachisawawa imakoka maganizo a munthu akamayerekeza.

Akakuuzani kuti "latsala lokhali, mawa simulipeza", yang'ananinso nambala ya mufoni ija. Mtengo ukaipyola, nyamukani. Nthawi zambiri amakuitanani musanafike patali.