Mukufuna kupanga masitazi ya malamulo a zachilengedwe? Yambirani apa

Musanatumize fomu ngakhale imodzi dziwani kaye kuti njira zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza kwambiri. Pali LLM, masitazi ya malamulo enieni, iyi nthawi zambiri amafuna munthu woti anapanga kale digiri ya malamulo, kenako pali MSc kapena MA ya ndondomeko za chilengedwe yomwe amatenga anthu ochokera kosiyanasiyana, wa nkhalango, wa madzi, wa zachuma, bola digiri yoyambayo munakhoza bwino. Ku UK zambiri zimatha chaka chimodzi, kwina zaka ziwiri. Komanso LLM payokha sikusandutsani loya woimira anthu kukhoti ayi, imeneyo ndi nkhani ina.

Chachikulu chomwe ine ndimauza aliyense ndi ichi, pitani ndi vuto limodzi lomwe limakusowetsani tulo. Kalata yongoti "ndimakonda chilengedwe" osankha aja aiwerenga kambirimbiri mpaka atopa nayo. Koma mukalemba kuti pali fakitale imataya madzi akuda mumtsinje, lamulo loletsa lilipo, koma chindapusa chake ndi chochepa kuposa mtengo woyeretsera madziwo ndiye eni ake amangolipira mawa lake nkutsegulanso paipi, ndipo inu mukufuna kumvetsa chifukwa chake lamulo lilibe mano, apo munthu amasiya zina nkuwerenga bwinobwino. Funso lomwelo lidzakhalanso dissertation yanu, simudzavutika kusaka mutu nthawi itatha kale.

Powerenga yambani ndi msonkhano wa Stockholm wa 1972 womwe unabala UNEP, nthambi ya UN yoona za chilengedwe, kenako Rio Declaration ya 1992. Ili ndi mfundo 27 basi, madzulo amodzi mwamaliza, koma zitatu muzidziwe ngati dzina lanu. Ya nambala 10 imati anthu adziwitsidwe, atenge nawo mbali komanso athe kukadandaula. Ya 15 imati ngati chiopsezo ndi chachikulu musazengereze kuteteza ponamizira kuti asayansi sanatsimikize zonse. Ya 16 imati woipitsa ndiye alipire. Mukadzafika pa mapangano a za kusintha kwa nyengo, Kyoto ya 1997 ndi Paris ya 2015, mudzaona kuti mikangano yake ikuzungulira pomwepa.

Koma mapangano okha sakwanira, werengani milandu, chigamulo chenichenicho osati chidule cha mnzanu. Trail Smelter, utsi wa fakitale yosungunula miyala ku Canada umaononga minda ku America, mu 1941 oweruza anati dziko lisalole malo ake kugwiritsidwa ntchito mopweteka dziko lina. Pulp Mills, Argentina ndi Uruguay, mu 2010 khoti la dziko lonse la ICJ linati ntchito yoti ingaononge kwambiri tsidya lina la malire iyenera kuunikidwa kaye. Urgenda mu 2019, khoti lalikulu la Netherlands linalamula boma lake lomwe kuchepetsa utsi wotenthetsa dziko ndi 25 peresenti poyerekeza ndi 1990. Poyamba chingerezi chake chimalemera, pitirizani, pofika mlandu wachitatu maso azolowera.

Ndiye pezani lipoti limodzi la EIA, lounika momwe ntchito ingakhudzire chilengedwe, la mgodi kapena damu, ambiri ali pa intaneti. Osayambira kutsogolo komwe amakometsera, thamangirani kumapeto komwe kuli mayina a anthu omwe anafunsidwa maganizo, muwerenge kuti ndi angati, azimayi alipo angati, msonkhano unachitika mchilankhulo chanji. Kenako onani tebulo la zomwe alonjeza kukonza, pali dzina la wochita? pali ndalama yake? Zimandiwawa kuona mpata umenewo uli wopanda kanthu chifukwa ovutika ndi anthu omwa madzi aja. Ngati ndinu wa malamulo pomwepa mudzazindikira kuti muyenera kuphunzirako kuwerenga manambala a labu, ngati ndinu wa sayansi mudzaona kuti mawu amodzi, "shall" kapena "may", amasintha chilichonse.

Za ndalama, yang'anani masikolashipu a Chevening, Commonwealth ndi DAAD, Chevening amafuna mutagwirapo ntchito zaka ziwiri. Mayeso a chingerezi a IELTS lembani msanga osadikira mwezi womaliza.

Posankha sukulu musangotengeka ndi dzina, tsegulani mndandanda wa makosi muone ngati ali ndi clinic, komwe ophunzira amathandiza pa milandu yeniyeni, kapena internship, ndiye mupeze mphunzitsi yemwe amalemba za vuto lanu lija. Werengani pepala lake limodzi, mumulembere imelo yaifupi, mizere isanu yakwana, mutchule zomwe mwawerengazo ndi funso lanu. Akapanda kuyankha pakatha masabata awiri mukumbutseni kamodzi, kenako yesani wina.