Momwe mungazindikirire mwala weniweni wa amethyst

Amethyst ndi mwala wa gulu la quartz, wa mtundu wa pepo, womwe amaika pa mphete, ndolo ndi mikanda. Chomvetsa chisoni n'chakuti galasi lothiridwa mtundu limafanana nawo kwambiri, moti munthu akhoza kugula galasi pa mtengo wa mwala.

Chinsinsi chagona pa momwe umapangikira. Chiphalaphala cha moto chikamazizira, mpweya umasiya mphako m'thanthwe. Madzi okhala ndi silica (chinthu chomwe chimapezekanso mumchenga) amalowa m'mphakomo, ndipo timiyala ta mbali 6 timamera pang'onopang'ono m'makoma, nsonga zitaloza pakati. Mtundu wake umachokera ku ayironi wochepa amene wakhudzidwa ndi radiation yachilengedwe (mphamvu yosaoneka yotuluka m'miyala ina). Umu ndi momwe unapangikira wa ku Rio Grande do Sul ku Brazil ndi wa ku Artigas ku Uruguay, pomwe wa ku Mapatizya ku Zambia umapezeka m'ming'alu ya matanthwe.

Choyamba, pukutani mwalawo n'kuuika pa pepala loyera, pamalo powala. Utembenuzeni pang'onopang'ono. Poti unakula mwapang'onopang'ono, kawirikawiri mtundu sukhala wofanana ponseponse: kunsonga umakolera, kutsinde umambuwa, penanso pamaoneka timizere. Ukakhala wamtundu umodzi ndendende mbali zonse, yambani kukayikira.

Kenako suzumirani mkati ndi galasi lokulitsa zinthu. Apa musafulumire ayi, chifukwa ndi pomwe chinyengo chimaululika. Timathovu tozungulira bwino ndi chizindikiro cha galasi. Timing'alu tooneka ngati nthenga tisakudetseni nkhawa, timapezeka m'mwala wachilengedwe.

Ukhudzitseninso patsaya. Quartz imamveka yozizira kuposa galasi kapena pulasitiki.

Kuyesa kulimba kukhale komaliza. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, amethyst ali pa 7, pomwe galasi wamba lili pafupifupi pa 5.5, choncho mwalawu umakanda botolo mosavuta. Koma chitani izi ndi mwala wosasema wokha, ndipo mwini wake atalola. Wa pa mphete mudzangouwononga.

Dziwani kuti amethyst wina amapangidwa mu labotale, ndipo njira zonsezi sizingamugwire. Ngati mtengo ndi waukulu, pemphani kuti katswiri wa miyala auyeze musanapereke ndalama.

Mukaugula, utsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wofewa. Musausiye padzuwa nthawi yaitali chifukwa umasuluka, ndipo moto wa madigiri 400 mpaka 500 Celsius umausandutsa wachikasu.