Galimoto ikamakhotera kumanzere, wanjinga akhale pati?

M'Malawi muno timayenda kumanzere kwa msewu, choncho wanjinga malo ake ndi m'mphepete mwenimweni, kumanzere kwa galimoto. Pamsewu wowongoka palibe vuto. Vuto limabuka pamphambano, galimoto ikafuna kukhotera kumanzere pomwe wanjinga akupitirira kutsogolo. Njira zawo zimapingasana pamenepo, ndipo wovulala amakhala wanjinga pamodzi ndi amene wamukweza.

Madalaivala, nkhaniyi iyambire kwa inu. Lamulo la pamsewu la 1997 limakhudza njinga monga limakhudzira galimoto, ndiye wasakaramento (wakabaza wa njinga) amene akupalasa pamsewu wa M1 kuchokera ku Luwinga mu Mzuzu ali ndi ufulu wonse wokhala pamsewupo. Ngati iye akupita molunjika ndipo inu mukufuna kukhota, amene mukudula njira ya mnzanu ndinu. Dikirani adutse. Chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri n'chomupitirira wanjinga mwaliwiro, kenako n'kukhota pamaso pake penipeni. Njinga yonyamula munthu kapena thumba la makala siima msanga, makamaka potsetsereka, ndipo mu Mzuzu zitunda ndi zotsetsereka sizisowa. Yatsani indiketa mukadali patali, chepetsani liwiro, khalani kumbuyo kwa njingayo, ndipo ikadutsa mphambano khotani. Musanapinde chiwongolero yang'anani pagalasi lakumanzere, mutembenuzenso khosi, chifukwa pambali pa galimoto pali malo ena amene galasi silionetsa. Pamene pali kanjira ka njinga kapena mpata wa kuseri kwa mzere wachikasu, musausandutse njira yozembera mzere wa magalimoto. A minibasi, mukamapatukira pasiteji kapena kunyamuka, ganizo ndi lomweli: mukudutsa m'njira ya mnzanu.

Tsopano inu akabaza. Kukhala ndi ufulu wodutsa sikukutetezani ngati dalaivala sanakuoneni. Galimoto ikayatsa indiketa yakumanzere, kapena ikangoyamba kuchepetsa liwiro pafupi ndi mphambano, musadzipanikize pakati pa iyo ndi ngalande. Ena sayatsa n'komwe indiketa, ndiye muziyang'ana matayala akutsogolo, ndiwo amayamba kuulula kumene galimoto ikulowera.

Chenjezo lalikulu lili pa mathiraki, monga aja onyamula matabwa ochokera ku Chikangawa, ndi mabasi akuluakulu. Thiraki ikafuna kukhotera kumanzere imayamba yatayira mutu wake kumanja kuti ipeze malo. Wanjinga amaona ngati ampatsa mpata, n'kulowamo. Koma matayala akumbuyo satsata pomwe padutsa akutsogolo, amadula mkati, ndipo mpata uja umatsekeka iye ali momwemo, dalaivala ali pamwamba osaona kanthu. Imani kumbuyo kwake, pamalo poti mukutha kuona galasi lake. Ngati inu simukuliona galasilo, iyenso sakukuonani. Kasitomala akamakufulumizitsani, muuzeni mwaulemu kuti, "Pepani bambo, tidikire pang'ono idutse kaye."

Paraundabauti, monga ya ku Katoto, aliyense wolowa amapereka mpata kwa amene akuchokera kumanja kwake, kaya ndi galimoto kaya ndi njinga. Wanjinga amene akuzungulira cha m'mphepete achenjere pa njira iliyonse yotulukira, poti galimoto zotuluka zimadutsa pomwepo. Ngati simukutuluka, tambasulani dzanja lamanja kuti akumbuyo adziwe kuti mukupitirira, ndipo mukayandikira potulukira panu muonetse lamanzere.

Kukhotera kumanja panjinga n'kovutirapo, chifukwa mumadutsa mbali zonse ziwiri za msewu. Cheukani, tambasulani dzanja lamanja, sunthirani pakati pa msewu pokhapokha kumbuyo kuli mpata. Kukakhala kothithikana, kapena mwanyamula katundu wolemera woti simungagwire handulo ndi dzanja limodzi, tsikani mukankhe njinga ngati woyenda pansi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Nyengo ya kuno nayo imaonjezera ngozi. Mvula ikagwa, mabuleki a raba amaterereka pa limu yonyowa, choncho yambani kumanga mukadali kutali ndi mphambano. M'mawa wa June ndi July chifunga chikatsika, magalasi a galimoto amachita nthunzi ndipo munthu wovala zakuda saoneka. Valani jekete lonyezimira, ikani nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo muonetsetse kuti thumba kapena chitenje cha kasitomala sichikuchiphimba.