Yezani ndi chigongono cha mwini ntchito

Mjigo umodzi amapopa mtsikana wa sitandade 4, mayi woyembekezera ndi agogo oyendera ndodo, koma womanga nthawi zambiri amayezera thupi lake, la bambo wa mphamvu zake. N'chimodzimodzi thandala la mbale, benchi la kusikelo, khomo la chimbudzi ndi mpini wa khasu. Chinthu chikapanda kugwirizana ndi thupi, limapindika ndi thupilo, ndipo pakapita zaka timangomva kuti "msana wandivuta, mawondo atha", ngati ndi ukalamba chabe. Kukonza zida ndi malo kuti zitsate thupi la munthu akatswiri amati ergonomics. Kuno ku Zomba ntchitoyi sifuna makina. Ifuna tepi ya atelala kapena chingwe chomanga mfundo, ndiponso kuti mwini kugwiritsa ntchito chinthucho akhalepo pamene mukuyeza.

Miyeso yoyambira ndi iwiri. Woyamba ndi wa chigongono: munthu aime chilili, mapewa atagwa, apinde mkono, muyeze kuchoka pansi kufika pa chigongono. Malo a ntchito yopepuka, monga kutsuka mbale kapena kusankha mpunga, akhale masentimita 5 mpaka 10 m'munsi mwa chigongonocho. A ntchito yofuna kukanikiza, monga kuchapa kapena kupala matabwa, atsike masentimita 15 mpaka 25, kuti kulemera kwa thupi kuthandize manja. Wachiwiri ndi wa bondo: kuchoka pansi kufika kuseri kwa bondo ndiye msinkhu wa mpando wa munthuyo. Kwa akulu ambiri ndi masentimita 40 mpaka 45, pamene ana a mkombaphala asapose 30. Mapazi akamalendewera, m'mphepete mwa benchi mumakanikiza ntchafu, miyendo imachita dzanzi, mwana n'kuyamba kutakataka, ife n'kumati ngwosamva.

Pamjigo ndi pamene msana wa amayi umathera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndowayo tisanaiwerengere. Choopsa kwambiri si ulendo wopita kunyumba ayi, koma kamphindi konyamula ndowa kuchoka pansi kufika pamutu, munthu atawerama kwinaku akupotoza chiuno kuti madzi asatayike. Komiti ya mjigo imange kachipilala ka njerwa pambali pa simenti, kosatseka ngalande, ka masitepe awiri: loyamba masentimita 40, lachiwiri 80, pamwamba pake masentimita 40 mbali zonse. Ndowa ikwere pa loyamba, kenako pa lachiwiri, ndipo munthu apinde mawondo, msana uli chowongoka, aikokere pamutu pomwe pali kale nkhata. Ndowa iyandikire thupi nthawi zonse, chifukwa katundu akatalikira mimba, minofu ya m'chiuno imagwira ntchito yochuluka ngakhale kulemera kuli komweko. Potembenuka sunthani mapazi, musapotoze chiuno.

Ana a pulayimale apatseni zigubu za malita 5 kapena 10. Kubwerera kawiri kuli bwino kusiyana ndi kukanikiza khosi lomwe likukula. Amayi oyembekezera nawonso achepetse, ndipo abambo a njinga, zigubu ziwiri za malita 20 zomangirira mbali ndi mbali pa kaliyala zimabweretsa malita 40 ulendo umodzi popanda kusenza aliyense.

Popopa gwirani kumapeto kwa chogwirira, mukweze ndi kutsitsa mokwanira, osati kumenyetsa pafupipafupi. Kumenyetsa kumapweteka mapewa ndiponso kumadya mabushi, tizida tomwe chogwiriracho chimayendapo. Mukaona kuti ndowa ikutenga nthawi yaitali kuposa kale, mwina rabala ya mkati yatha. Isintheni msanga, chifukwa amene akulipira kuchedwako ndi mapewa a otunga.

Za chimbudzi anthu sadandaula pagulu, ndiye muyenera kufunsa mwaulemu, kumbali. Kunjuta kumafuna mawondo olimba. Agogo, mayi wa miyezi 8, munthu wa sitiroko kapena wodulidwa mwendo amavutika kudzuka, ena amagwira pansi ndi manja, ena amadzimana chakudya ndi madzi kuti asapiteko kawirikawiri. Mankhwala ake ndi mpando woboola pakati, wotalika masentimita 40 mpaka 45, wa thabwa losalala lopaka penti ya mafuta kuti uzitsukika. Ena amamanga timakoma tiwiri ta njerwa uku ndi uku kwa bowo, koma izi n'zoyenera pa silabu ya simenti yokha. Kumadera a mchenga kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene zimbudzi za mitengo zimatitimira nthawi ya dzinja, njerwa zimangowonjezera kulemera. Kumeneko gwiritsani mpando wa thabwa wonyamulika, kuti ofuna kunjuta aziusuntha.

Pambali zikani mtengo wogwirira, wokwera masentimita 70 mpaka 80, mapazi ake atalowa pansi ndithu. Musaukhomere pa khoma la zidina, umazuka tsiku lomwe munthu wautsamira ndi thupi lonse. Chitseko chikhale chotsegukira kunja, chotambalala masentimita 90, chifukwa munthu akagwa mkati, chitseko chotsegukira mkati amachitsekereza ndi thupi lake. Wa njinga ya olumala amafuna malo a masentimita 150 mbali zonse kuti atembenuke. Kwa osaona, mangani chingwe kuchokera pakhomo la nyumba kufika kuchimbudzi pa msinkhu wa chiuno, ndipo zopondapo zikhale zotukuka kuti phazi lidziwe pali bowo. Posamba m'manja mpondagiya ndi wabwino, koma wa ndodo sangaime ndi mwendo umodzi n'kuponda ndi winawo. Muikireni ndowa ya kampopi pa chitsa.

Pa masukulu, matchalitchi, mizikiti ndi maholo pali vuto lina: rampu yomangidwa kuti oyendera aone kuti ilipo. Lamulo lake n'lachidule. Pa sentimita iliyonse yokwera payenera masentimita 12 a kutalika. Khonde lokwera masentimita 30 lifuna rampu ya mamita 3.6, la masentimita 60 lifuna mamita 7.2. Malo akakhalapo, 20 m'malo mwa 12 ndiye amalola munthu kudzikankha yekha osatopa. Rampu yaifupi imagadamitsa njinga pokwera, ndipo potsika imathawa ndi mwini wake. Itambalale masentimita 120, m'mbali mukhale kamzere ka njerwa kuti tayala lisagwe, ndipo pamwamba pakhale pafulati masentimita 150, kuti munthu atsegule chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo. Amisiri athu amakonda kusalaza simenti mpaka iwale. Ndi mvula ya kuno kutsinde kwa phiri, simenti yotere imamera ndere n'kuterera ngati therere. Ikadali yaiwisi ikandeni ndi tsache mopingasa. Onaninso potsikira: rampu yothera mu ngalande kapena pamchenga wotitimira ndi simenti yongotaya.

Kumunda, mpini waufupi umaweramitsa munthu tsiku lonse. Pogalauza mizere ambiri sangausiye, koma popalira yesani mpini wofika pachifuwa mukauimika. Mukatalikitsa mpini onaninso kapendekeke ka khasu. Likapanda kusinthidwa limangodumpha pamwamba pa dothi, mlimi n'kunena kuti mpini wautali ngwa alesi. Kunenepa kwa mpini kukhale masentimita 3 mpaka 4, kuti chala chachikulu chizikumana ndi cholozera. Wonenepa kwambiri umatopetsa dzanja, makamaka la amayi ndi ana. Owokera mpunga ku Domasi ndi ku Likangala sangapewe kuwerama, koma pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse aime, agwire m'chiuno, apindikire kumbuyo pang'ono katatu, ndipo azisinthana pakati pa kuzula mbande, kututa ndi kuwokera. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 si la munthu mmodzi. Ligwireni awiri, ligaweni pawiri, kapena likwere wilibala, kulemera kuli cha kutayala. Otsika ndi nkhuni kuchokera kuphiri adziwe kuti potsika ndi pamene mawondo amalandira katundu wambiri, ndipo mtolo wautali ukakodwa mu nthambi umapotoza khosi mwadzidzidzi. Ufupikitseni.

A kabaza a ku Chinamwali, Matawale ndi Songani, khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi: mwendo uwongoke. Ukapindika, chishalo chatsika ndipo kutsogolo kwa bondo kudzapweteka. Matako akamagwedezeka uku ndi uku popalasa, chakwera kwambiri. Atelala a pakhonde, kuwala kuchokere kumbali, ndipo kansalu kopindapinda kuseri kwa chiuno kamathandiza.

Pamisonkhano ya pansi pa mtengo, mkeka si wa aliyense. Sungani mipando ingapo ya okalamba, amayi ndi abambo omwe, makamaka ya zogwirira m'mbali zodzukira. Anthu achialubino akhale pamthunzi weniweni komanso kutsogolo, poti ambiri saona bwino patali. M'kalasi aphunzitsi alembe zilembo zikuluzikulu pa bolodi lakuda bwino, ndipo chipewa asamuvule mwana wachialubino. Wosamva bwino amawerenga milomo, ndiye wolankhula ayang'ane anthu, dzuwa lisakhale kumbuyo kwake.

Mukamaliza kukonza chilichonse, mwini wake achiyese kwa sabata, kenako mufunse pamene pakupweteka, musinthe. Koma si ululu wonse umene mpando kapena mpini ungathetse. Ululu wa msana wotsikira m'mwendo pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka, kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, dzanzi pakati pa miyendo, ndiponso msana wopweteka usiku munthu akuwonda ndi kutuluka thukuta, izi pitani nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Achipatala cha kwanuko akaona kuti n'zofunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Zomba.