Kayezedwe ka couscous pa sikelo m'malo mwa kapu

Malangizo ambiri ophikira couscous, timibulu ta tirigu tomwe timadyedwa kwambiri ku Morocco, Algeria ndi Tunisia, amatchula makapu, koma makapu amasiyana kukula. Kapu ya ku America imalowa mamililita pafupifupi 240, ndipo couscous wosaphika wodzadza kapu imeneyi amalemera magalamu pafupifupi 175, pamene supuni yaikulu imodzi imanyamula magalamu 11. Choncho ngati malangizo akunena makapu awiri ndi theka, chulukitsani 175 ndi 2.5, ndipo mupeza magalamu pafupifupi 440.

Komabe ndi bwino kuyeza nokha kamodzi, makamaka ngati mwagula couscous wa mibulu ikuluikulu. Ikani kapu yopanda kanthu pa sikelo, bwezerani sikeloyo pa ziro, thirani couscous osamutsendera, kenaka salazani pamwamba ndi mpeni musanawerenge kulemera kwake. Nambala imeneyo ilembeni pa chitini chosungiramo.

Manambalawa sagwira ntchito pa couscous wophika, chifukwa iye amamwa madzi n'kufufuma. Madzi ophikira savuta kuyeza, poti mililita imodzi imalemera galamu imodzi.