Magalasi owerengera muziwavula mukamavala chipangizo cha VR

Anthu ambiri amene adutsa zaka 40 akamva kuti sikirini ya chipangizo cha VR (chovala kumaso chomwe chimakuonetsani zithunzi ngati muli m'kati mwake) imakhala masentimita ochepa chabe kuchokera m'maso, amathamangira kuvala magalasi owerengera. Musatero, mungodzivutitsa.

M'kati mwa chipangizochi muli magalasi ake awiri, pakati pa maso anu ndi sikirini. Magalasiwa amapinda kuwala kuti diso lione chithunzi ngati chili patali, kawirikawiri pakati pa mita imodzi ndi mamita awiri. Pa chipangizo china chotchedwa Meta Quest 2 ndi pafupifupi mamita 1.3. Choncho ngakhale sikirini ili pamphuno penipeni, diso limagwira ntchito ngati likuyang'ana munthu amene wakhala tsidya lina la tebulo. Pomwe magalasi owerengera anawapangira zinthu za m'manja, zomwe zili masentimita 35 kapena 40 kuchokera kumaso. Mukavala owerengera a mphamvu ya +2.00, chinthu chopitirira theka la mita chimayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo chithunzi cha m'chipangizomo chimakhala kutali kuposa pamenepo.

Ndiye dzifunseni funso ili: kodi TV ya m'chipinda mumaonera ndi magalasi? Ngati inde, magalasi omwewo ndi amene muvale m'chipangizo. Ngati mumaonera bwinobwino popanda kanthu, lowani ndi maso anu okha. Amene amavala magalasi ophatikiza, oonera patali kumtunda ndi owerengera kumunsi, aziyembekezera kuti zolemba za m'munsi zizioneka mwachimbuuzi. Poti chithunzi chonse chili pa mtunda umodzi, aziweramitsa mutu m'malo motsitsa maso okha.

Achikulire opitirira zaka 60 ndi nkhani ina pang'ono. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamakhala kataumiratu, moti ngakhale chinthu cha pa mita imodzi ndi theka chimatha kuwavuta. Iwowa akaonane ndi dokotala wa maso, amuuze kuti akufuna magalasi a mtunda umenewo, osangogula mongoyerekeza. Chipangizo cha Apple Vision Pro, chomwe chinatuluka mu 2024, sichilola n'komwe kuvala magalasi m'kati. Mumagula timagalasi ta kampani ya ZEISS tomata ndi maginito. Pa zipangizo zina samalani kuti magalasi anu asakhudzane ndi a chipangizo, chifukwa onse amakandika.

Musanaimbe mlandu maso anu, yambani mwakonza mtunda wa pakati pa magalasi awiri a m'chipangizo kuti ufanane ndi wa pakati pa maso anu. Pakati pa maso a munthu wamkulu pamakhala pafupifupi mamilimita 63, koma anthu amasiyana. Magalasi a Quest 2 amasunthira pa mamilimita 58, 63 ndi 68. Kulakwitsa pamenepa, kapena kumanga lamba mokhwepa, n'kokwanira kusokoneza chithunzi chonse.

Ena amasangalala kuti akuwerenga tizilembo m'chipangizomo popanda magalasi, n'kumati maso achira. Ayi ndithu. Chasintha ndi mtunda wa chithunzi basi, ndipo mukachivula foni yanu idzafuna magalasi aja monga kale. Chomwe chimatopetsa maso ndi chakuti chinthu chikamaoneka ngati chikuyandikira nkhope, maso amakhotera m'kati kuti achitsatire pomwe mtunda woonera sunasinthe. Mutu ukayamba kuwawa, kapena mukamva chizungulire ndi mseru, vulani, mupumule. Ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri ngakhale mutavula, pitani kuchipatala cha maso akakupimeni.